Dothi la Yotamu

Kafue, ntchito yoyamba

Ana anga, za ubwana wanga ku Katete ndazisiya dala, chifukwa mulibemo kanthu koposa mbuzi ndi njala. Ndiyambire pa geti la fakitale ya nsalu kuno ku Kafue, pamene ndinaima m'mawa wina nditavala malaya obwereka, kapitawo n'kundiloza ndi chibwano kuti, "Iwe wamutali, bwela." Ntchito yanga yoyamba inali kusesa thonje pansi pa makina oluka nsalu. Amene sanalowemo m'shedi ya makina muja sangamvetse phokoso lake. Makina ankagunda onse pamodzi ngati matalala pa malata, osapuma, mwakuti tinkalankhulana ndi milomo ndi manja chabe, ndipo tikaweruka tinkapitiriza kukuwa mumsewu ngati anthu okangana. Khutu langa lamanzere linafera m'menemo.

Sukulu ndinaiyamba ndili ndi ndevu. Ndikaweruka ndinkapita ku makalasi amadzulo thonje lili m'tsitsi, ndipo dzanja langa lozolowera tsache linkathyola mapensulo. Nditadziwa kuwerenga manambala a pa mabokosi anandichotsa m'shedi n'kundiika ku sitolo ya zipangizo, nandipatsanso nyumba ku Kafue Estates, yomwe ija munabadwiramo. Apo m'pamene mng'ono wanga Yotamu anandilondola kuchokera kumudzi. Anali mnyamata wanthabwala, wa mpata pakati pa mano ngati ine. Lamulo la nyumba za kampani silinkalola kusunga abale, ndipo ine, poopa kulandidwa nyumba, ndinamuuza kuti achoke. Nkhani iyi mukuidziwa kale. Sanakangane nane. Anakwera malole opita kumpoto ngati wothandiza dalaivala, ndipo ife sitinamuonenso.

Mnzanga weniweni pa zaka zonsezo anali Mulenga, dalaivala wa lole ya fakitale, Mbemba wa ku Mpika. Inu a masiku ano chimbuya mumangochiona ngati nthabwala za pa wailesi, koma kwa ife chinali chibale. Mbemba ndi munthu wa kum'mawa ankatukwanana poyera popanda mlandu: iye ankanditcha wakudya mbewa, ine ndinkamutcha wakudya anyani. Koma maliro akagwa kwa ine, wokumba manda ndi wonyamula bokosi anali iye. Ankatipakanso ufa kumutu ife ofedwa, n'kumanyoza wakufayo mpaka wolira aseke. Imeneyo inali ntchito yake, ndipo palibe amene akanamuletsa.

Dar es Salaam, zaka za kusowa

Zinafika zaka zimene chilichonse chinkasowa, sopo, mafuta ophikira, ngakhale kabawuti. Makina ankaima limodzi limodzi, tinkagwetsa ena kuti tichiritse ena, pamene zipangizo zathu zinali zitaunjikana ku doko la Dar es Salaam. A Siame, bwana wa sitolo, munthu wosaseka koma wachilungamo, anandiitana nati, "Ba Banda, imwe simumwa moba, ndiye muzayenda ku doko. Mukankhale kuja mpaka bokosi iliyonse ikwele sitima." Ntchito yanga inali kuyenda m'mashedi a padoko kusakasaka mabokosi athu pakati pa mabokosi a dziko lonse, ndi kuchonderera anthu a ma kireni onyamula katundu m'Chiswahili changa chothyokathyoka. Mulenga ankabwera ndi lole kudzatenga zimene sizikanadikira sitima.

Masana ndinkadyera ku gombe la zombo zamatabwa zoyenda ndi mphepo, zimene kumeneko amati jahazi. Pansi pa mtengo wina ankasewera nsolo, ndipo m'pamene ndinadziwana ndi Salimu, nahodha, kapena kuti woyendetsa jahazi, munthu wamfupi wa maso ofiira ndi dzuwa. Ankandidya pa nsolo osandimvera chisoni. Tsiku lina ndinaseka nditaluza, iye n'kuleka kusewera, njere zili m'manja.

"Sekanso," anatero.

"Bwanji?"

"Mano amenewo ndinawaonapo. Kumwera, kupitirira Kilwa, kwa Fundi Athumani wokhoma zombo, kunali Mnyasa wina wamtali. Ankaseka choncho. Ankati kwawo ndi ku Katete."

Ndinafunsa kuti ali kuti tsopano. Salimu anabweza njere m'maenje imodzi imodzi, nati malungo anamutenga mvula ziwiri zapitazo, ndipo anamuika komweko.

Pa tchuthi chotsatira ndinapita kumudzi kukauza amayi. Maso awo anali atachita khungu, chifuwa chikuwavuta, moti sankafikanso kumunda. Sanalire. Anati, "Maliro opanda manda sindilira ine. Aroni, ukanditengere dothi la pamanda pake, lodzaza dzanja, tidzaliike pafupi ndi atate ake kuti mzimu wake udziwe njira ya kwawo. Ufulumire. Ukundiona mmene ndililimu." Anandipatsa kachitini kawo ka fodya, atakapukuta ndi nsonga ya chitenje.

Pa nyanja, Disembala wa chaka chomwecho

Nditabwerera ku Dar es Salaam, msewu wa kumwera unali utaduka ndi mvula. Salimu anati, "Mphepo ya kaskazi yayamba, ikuchokera kumpoto. Ndikupita ndi simenti ndi palafini, ndiziima m'madoko. Tiyeni, ndinu alendo anga." Fakitale inali itatseka pa Khirisimasi, ndipo Mulenga, amene lole yake inkadikira matayala, anati sangandisiye ndekha. "Wa mbeba angamile," anatero, "ndiye nani azaniuza kuti wamila?"

Tinakwera m'mawa dzuwa lisanatenthe. Mulenga anazungulira chombo chonse, nasuzumira pansi pa matumba a simenti, n'kubwera nkhope itagwa.

"Ba Banda, injini ili kuti?"

"Ilibe."

"Nanga mabuleki?"

Salimu anamuonetsa nangula, chitsulo chadzimbiri chomangidwa ku chingwe.

"Awe mwandi," anatero Mulenga akuloza kumtunda, "ine nifuna kuseluka."

Koma amalinyero anali atayamba kale kukoka chingwe, akuimba, onse kugwa chagada nthawi imodzi. Mtanda wautali kuposa chombo chenicheni unakwera pang'onopang'ono pa mlongoti, ndipo thanga linatambasuka. Linali la nsalu wamba ya thonje, yazigambazigamba, yonga imene ndinkaiona ikutuluka m'makina athu. Linakupiza kawiri, kenaka linadzaza ndi mphepo n'kukhala chete, chombo n'kupendekeka pang'ono, n'kuyamba kuyenda. Ana anga, chimene chinandigwira mtima si kukula kwa nyanja ayi, koma bata. Ine ndinkadziwa kuti chinthu cholemera chikamayenda chimalira: makina, sitima, lole. Apa simenti yodzaza malole angapo inkathamanga pamadzi, ndipo ndinkangomva madzi akunong'ona m'mbali mwa matabwa ndi chingwe chikulira pang'ono ngati chitseko. Ndinatembenuzira khutu langa lamoyo kumphepo. Mulenga anayamba kundiuza kanthu mokuwa monga tinazolowera, amalinyero onse n'kutembenuka, iye n'kuchita manyazi. Kuyambira pamenepo tinaphunzira kulankhula motsitsa mawu, tili akuluakulu kale.

Mtunda unachepa mpaka unasanduka kamzere ka mitengo ya kokonati. Madzi anasintha kuchoka pa obiriwira kufika pa mtundu umene sindinauonepo ngakhale m'nyumba yathu yonyikira nsalu, ndipo m'malo osaya ndinkaona pansi penipeni, miyala yamaluwamaluwa ndi mthunzi wa chombo chathu ukuyenda pamchenga. Tinsomba tina tinkatuluka m'madzi n'kuuluka ngati ziwala. Kenaka panatulukira zinyama zazikulu zakuda, zosalala, zikudumpha kutsogolo kwa chombo ndi kupuma mokweza ngati ng'ombe. Mulenga anafunsa ngati zimadyedwa. Salimu anati ayi, zimenezo ndi anzawo a amalinyero. "Mwaona," ndinatero ine, "Mbemba akaona chinthu chokongola amayamba wafunsa za mphika." Koma pamenepo n'kuti mafunde atayamba kumudwalitsa, ndipo anadziwa kuti chimbudzi cha pa jahazi ndi kabokosi kolendewera kunja kwa chombo, pamwamba pa mafunde. Anakakhalamo atagwira chingwe ndi manja awiri, akuitana amake m'Chibemba.

Salimu ankagwira tsigiro ndi phazi, maso ali kutali. Analibe mapu. Ankayang'ana mtundu wa madzi, mbalame, ndi mitambo imene imaima pamwamba pa zilumba. Akafuna kutembenuza chombo ankangonena liwu limodzi, amalinyero n'kuthamanga, kuimika mtanda uja chilili, kuuzungulitsa kutsogolo kwa mlongoti, thanga lonse likuwomba ngati likufuna kuthawa, kenaka bata n'kubwerera. Nthawi ya pemphero ikakwana ankasinthana, wina atagwira tsigiro, ena atagwada pa matumba a simenti. Ine ndinkavula chipewa.

Doko loyamba linali Kisiju. Tinalowa madzi ali odzaza, tinaponya nangula, tinadya mpunga wophikidwa ndi kokonati. Nditadzuka pa tulo ta masana ndinapeza chombo chitagona cham'mbali pamatope, nyanja kulibe. Ku Dar es Salaam ndinkaona madzi akutsika pa khoma la doko, koma sindinkadziwa kuti nyanja ingathe kunyamuka yonse n'kupita kosaoneka. Anthu ankayenda pansi pouma kudzatsitsa palafini, amayi akutola nkhono pamene tinadutsa ndi chombo, nkhanu zikuthamanga paliponse. Mulenga anaima pamatope atanyamula nsapato. "Ba Salimu, mwaipaya nyanja! Manje tizabwelela na chani?" Salimu anaseka mpaka kutsokomola, nati tidikire. Ndipo inabweradi, mwakachetechete, ngati munthu wobwerera kunyumba kwake, kudzaza mapazi athu amene tinasiya pamatope, kunyamula chombo n'kuchiimika. Kafue wathu amadzaza kamodzi pachaka ndipo timakamba mwezi wathunthu. Kumeneko zimachitika m'mawa ndi madzulo, ana osatembenuka n'komwe.

Tinaima pa chilumba cha Mafia kutsitsa simenti, kenaka tinadutsa pamene mtsinje wa Rufiji umathira m'nyanja. Madzi ofiira a mvula ya kumtunda ankayenda pambali pa madzi oyera osasakanikirana, mzere wake woongoka ngati msoko, ndipo munkayandama mitengo yathunthu ndi mapesi a chimanga. Ndinawayang'ana mapesi aja mpaka anazimiririka. Ku Kilwa Kivinje tinapeza nyumba zakale zamiyala, mitengo itamera m'mazenera, mbuzi zikugona m'makhonde. Salimu anandiuza kuti kalekale anthu a kwathu ankafikitsidwa pagombe limenelo atamangidwa m'khosi, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero aliyense wochokera kwathu amamutcha Mnyasa. Mulenga tsiku limenelo sananene nthabwala. M'doko lililonse ndinkagwira thumba la malaya kuona ngati kachitini kalipo, ndipo ndinkadzifunsa ngati amayi akadali moyo.

Pa gombe la Fundi Athumani

Kamudzi kake kanali mkati mwa khwawa la mitengo yomera m'madzi amchere. Polowa, Salimu anatichenjeza kuti madzi akayamba kutsika masana tiyenera kutuluka, apo ayi chombo chidzakhala pamatope mpaka mwezi utakhwimanso. Pamchenga panali mafupa a zombo zosatha, fungo la mafuta a nsomba, ndi mbiya za laimu amene amapaka kunsi kwa zombo. Fundi Athumani anali nkhalamba yowonda, ya mikono ngati zingwe. Atandiona anaika pansi kasemasema wake, nandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Mkulu wake wa Yusufu."

Apo m'pamene ndinadziwa kuti mng'ono wanga analowa Chisilamu n'kulandira dzina lina. Fundi anatikhazika pamthunzi, natipatsa tiyi wa tsabola, nafotokoza. Yotamu anafika pa lole imene inafera kumeneko, lole n'kukonzedwa, iye n'kutsala. Ntchito yake inali kukhomera thonje m'misoko ya matabwa kuti madzi asalowe. "Dzanja lake linali lofewa," anatero Fundi. "Chombo chija apo, chakhala m'madzi mvula zitatu, sichinadonthepo. Ankadya m'mbale yanga. Atadwala ndinamugoneka m'chipinda changa. Ndinamusambitsa ndine, ndinamukulunga ndine." Ndinapita kukachigwira chombo chija. Ndinayendetsa chala m'msoko, thonje lili gwa, losalala, lopanda pothawira. Ine ndinkalisesa n'kulitaya, iye ankayandamitsa nalo zombo.

Nditabwerera ndinatulutsa kachitini n'kunena chimene amayi anandituma. Nkhope ya Fundi inasintha.

"Ayi," anatero. "Kumanda ndikuperekezani, mukapemphere mmene mumapempherera kwanu. Koma dothi ayi. Kuno wotenga dothi la pamanda ndi munthu wofuna kumanga mnzake kapena kumupha. Anthu akaona, adzati ndagulitsa mwana wanga kwa afiti. Amene tamuika, tamuika yense."

Ndinafotokoza za amayi, za khungu lawo, za chifuwa. Salimu naye anandithandiza kuchonderera. Fundi anamvetsera zonse mwaulemu, maso ali onyowa, koma anapukusa mutu. "Mukawauze mayi kuti mwana wawo agona pabwino. Mawu ndi opepuka kunyamula kuposa dothi."

Manda anali kuseri kwa mudzi, pansi pa mlambe waukulu, pamchenga woyera ngati ufa. Panalibe mtanda kapena dzina, koma miyala iwiri ya m'nyanja, kumutu ndi kumiyendo. Anyamata angapo a pagombe anatitsatira n'kuima chapatali. Ndinagwada. Fundi, pondipatsa ulemu, anatembenuka n'kundifulatira, anyamata aja nawonso anayang'ana kumbali. Dzanja langa linali pamchenga, kachitini kali m'thumba, chivindikiro nditachimasula kale. Kukanangotenga kamphindi. Ndinaganiza za amayi atakhala pakhonde kutchera khutu ku msewu. Ndinayang'ananso msana wa nkhalamba ija, mafupa akuonekera m'malaya, munthu amene anatsegulira mng'ono wanga chitseko, namufulatira mlendo pamanda chifukwa chomukhulupirira. Pa zonse zimene ndinasankhapo pa moyo wanga wa ntchito, palibe chinandilemera ngati chimenechi. Ndinachotsa dzanja, ndinasasa ngakhale timchenga timene tinamatirira ku zala, n'kutseka kachitini kopanda kanthu. Pamenepo ndinalira, kulira kwenikweni kokuwa, kumene sindinalirepo chikhalire.

Sindinaone pamene Mulenga anachoka. Ndinangomva chinthu chozizira chikundithira kumutu, kutsikira m'khosi ndi m'makutu. Anali atathamangira ku gombe n'kutapa laimu wodzaza manja awiri. Anandipaka kumaso konse, nayamba kuvina mozungulira manda, akukuwa ndi mawu ake onse a m'shedi.

"Iwe Yotamu! Wakudya mbeba iwe! Mbeba za ku Katete zinakuchepela, wabwela kudya nkhanu za bene? Uka, ona mukulu wako alila monga mbuzi! Mwamuna mutali so, mamina mbwee! Ndipo wagona pa malo yabwino, kamphepo, mthunzi, monga bwana. Nani anakuuza kuti ba kum'mawa bagona pa bichi?"

Anyamata aja anathamanga n'kumugwira, wina pakhosi, wina atatola mtengo. Kwa iwo anali wamisala wonyoza manda. Salimu analowa pakati akukuwa. Ine ndinaimirira, woyera ngati mzukwa, Chiswahili chonse chitandithawa, ndikungoti, "Musiyeni, ndi mbuya wanga, ndi ntchito yake!"

Fundi anakweza dzanja, onse anaima.

"Munthu uyu ndi m'bale wako?"

"Ayi. Ndi wa mtundu wina. Makolo athu ankamenyana kale, ndiye anapangana kuti azitukwanana m'malo mwa nkhondo. Ine ndikafedwa, amaika maliro ndi iye. Akafedwa iye, ndine."

"Ndipo pamaliro amanyoza?"

"Amanyoza. Amagwira ndi nkhuku za eni ake."

Nkhalamba ija inayang'ana Mulenga, amene malaya ake anali atang'ambika, laimu ali m'manja, ndipo mapewa a nkhalambayo anayamba kugwedezeka. Ndinayesa akulira, koma ankaseka, misozi ikutsika. "Mtani!" anatero. "Musiyeni, ana inu, simudziwa kanthu. Uyu ndi mtani." Anatiuza kuti amayi ake anali a kumapiri a kumtunda, ndipo kwawoko maliro sankatha popanda watani, anthu a mtundu wina obwera kudzatukwana, kugona m'dzenje la manda mpaka awapatse kanthu, ndi kulanda chilichonse chimene afuna. "Tsiku limene tinamuika Yusufu ndinkadziwa kuti chinachake chasowa. Tinamuika mwaulemu wokhawokha, ngati munthu wopanda kwawo. Lero ndiye waikidwa."

Kenaka anapukuta maso, nayang'ana kumwamba kwa mlambe ngati akulankhula ndi mbalame. "M'bale akapempha dothi, ndimakana, ndipo ndakana. Koma mtani sapempha. Mtani akalanda chinthu pamaliro, ndani angamuletse? Ngakhale agogo anga sakanatha."

Mulenga sankamva bwino Chiswahili, koma izi anazimva. Anandipisa m'thumba mwamwano, natulutsa kachitini, nagwada. Anatapa mchenga wa kumutu, nadzaza, natseka, nasalaza pamene anatapapo ndi chikhatho, pang'onopang'ono ngati akufunditsa mwana. Atatero anadzuka n'kuloza Fundi. "Na imwe ba mudala, tiyi yanu inalibe shuga. Nitenga na nkhuku." Anaigwiradi, yoyera, anyamata omwe aja akumuthandiza kuithamangitsa, mudzi wonse ukuseka.

Tinatuluka m'khwawa madzi atayamba kale kutsika, pansi pa chombo pakukhudza mchenga. Fundi anaima m'madzi ofika m'mawondo atagwira chingwe chathu, ndipo anachiponya yekha. Ulendo wobwerera unali wautali, chifukwa mphepo inali kumaso, ndipo tinkapita uku ndi uku ngati munthu wokwera phiri. Sindinadandaule. Ndinkakhala kutsogolo, laimu akadali m'makutu, kachitini ndili nako pachifuwa, ndikuyang'ana madzi aja opanda malire amene mng'ono wanga ankawaona m'mawa uliwonse.

Katete, mvula ili pakati

A Siame anandipatsa masiku opuma, ndipo Mulenga anapempha ulendo wa ku Chipata kuti andiperekeze. Tinapeza chimanga chili m'chiuno, amayi ali gone m'nyumba, atachepa ngati mwana. Anawadzutsa n'kuwatsamiritsa kukhoma. Ndinaika kachitini m'manja mwawo. Anatsegula, nathira pang'ono pachikhatho, nayamba kufikisa ndi chala. Anapeza kachigoba ka nkhono kakang'ono ngati njere ya mapira, nakatembenuza. Kenaka analawa.

"Muli mchere," anatero. "Aroni, dothi ili silingabale chimanga. Ankadya chiyani mwana wanga?"

"Nsomba, amayi. Ndi mpunga."

"Pa Khirisimasi?"

"Tsiku lililonse."

"Tsiku lililonse?"

"Inde. Ankadya m'mbale imodzi ndi mwini nyumba."

Chala chawo chinkayendabe pachikhatho.

"Ndiye kuti ananenepa."

"Akuti ananenepa, amayi."

Anabweza mchenga wonse m'kachitini osataya ndi kamodzi komwe, natseka. Atatero anakoka mpweya, ndipo m'chifuwa chofooka chija munatuluka mfuu ya maliro, yaitali, yomveka mpaka kudambo. Amayi a m'mudzi anasiya makasu m'minda n'kuyamba kubwera akulira. Mulenga anavula jekete, nalipachika pa nkhokwe, n'kufunsa kumene kunali manda a atate.